Malume Anakandipemphera kwa Adokotala

Ndinaphunzira pasukulu ya kwathu ku Tengani, kumene mwana wabwino amadziwika ndi kufatsa. Nditamaliza maphunziro a zaumoyo, ndinalembedwa ntchito pa kafukufuku wa tulo ku Chikwawa. Ankatsogolera ntchitoyo anali adokotala ena, mayi ochokera ku Blantyre. Tinkafufuza mmene amagonera alimi a m'madimba a ku Elephant Marsh, amene amachezera kupirikitsa mvuu m'chimanga, masana n'kulephera kugona ndi kutentha. Ine ndinkawaveka timawotchi toyeza tulo ndi kuwafunsa mafunso m'Chisena. Mnzanga wina wachinyamata ankalowetsa zotsatira zake m'kompyuta. Ntchitoyo ndinaikonda kwambiri.

Thandizo la kafukufukuyo linali pafupi kutha. Kenako tinamva kuti bungwe lina lithandiza ofufuza achinyamata kuti achite kafukufuku wawowawo kwa chaka, wamkulu wina akuwalangiza. Wachinyamata ankayenera kudzipezera yekha mlangizi, ndipo mlangizi aliyense ankatenga munthu mmodzi basi. Kuphonya pamenepo kunali kubwerera ku Tengani kukalima thonje, n'kumayang'anizana ndi mayi anga amene anagulitsa mbuzi zawo kuti ine ndiphunzire.

Ndinkafuna adokotala aja akhale mlangizi wanga. Koma kwathu mwana safika kwa wamkulu n'kunena kuti ndikufuna chakuti. Nkhani yolemera imanyamulidwa ndi wamkulu mnzake. Ndinawapititsira adokotalawo mlamba wouma, poganiza kuti azindikira okha. Anathokoza, tinakamba za dzuwa, ndinatuluka. Masiku ena ndinkafika pakhomo pa ofesi mawu ali kukhosi, n'kungofunsa ngati pali zondituma. Chakudya chinasiya kulowa. Ine woyeza tulo ta anthu, tanga tinathawa.

Ndinatumiza uthenga kwa malume kuti adzandiyankhulire. Anati abwera maliro a mnansi wawo akatha, ndipo ndinadikira, masiku akupita. Atafika tinalowa mu ofesi tonse, iwo pampando, ine chonjuta pafupi ndi chitseko.

"Mayi, takhuta, zikomo potilandira," anayamba malume. "Uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Sakuba, samwa, sayankha akulu. Tabwera kudzamupereka m'manja mwanu."

Adokotala anaseka. "Bambo, mwabwera kudzafunsira mbeta? Ine ndinakwatiwa kale."

Malume anaseka nawo, ine ayi. Adokotala anandiyang'ana, kuseka kuja n'kutha.

"Achimwene, nkhani yake ndi ya thandizo la bungwe lija?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Nanga bwanji osanena? Ndinavomera kale mnzanu uja wa pakompyuta. Anandifunsa tsiku lomwe tinamva nkhaniyi, tili m'galimoto. Inu munabwera ndi nsomba, ine ndinkayesa ndi nsomba basi."

"Wa pakompyutayo anabwera ndi ndani?" anafunsa malume.

"Yekha."

"Alibe abale?"

Ndinagwada. "Adokotala, chonde, ndilibe kwina kolowera. Ngakhale osandipatsa kanthu, ndizingokhala pambali n'kumaphunzira."

"Dzukani, pansipo pali fumbi," anatero motsitsa mawu. "Mnzanuyo sindingamubweze, nayenso ali ndi mayi ake." Kenako anati ku Blantyre kuli pulofesa wina wa za tulo amene anali asanatenge munthu, koma nthawi yopempha inali kutha sabata yomweyo. "Ameneyo za malume sazidziwa. Muyankhule nokha."

Anaimba foni yawo n'kundipatsa ikulira. Ndinaigwira ndi manja awiri.

"Uyambe wawafunsa za kunyumba," ananong'ona malume.

Kunamveka mawu a bambo wofulumira. "Ndikulowa m'kalasi. Ndinu ndani, mukufuna chiyani?"

Ndinayang'ana adokotala, iwo anayang'ana pawindo dala. Ndinanena dzina langa ndi ntchito yanga, kenako mawu amene ndinali ndisanauzepo munthu wamkulu aliyense: "Ndikufuna mundilangize."

Sanalonjeze kanthu. Anati pali enanso amene apempha, koma ndikwere minibasi ya m'mawa ndikawafotokozere pamaso zimene ndikufuna kufufuza. Foni inaduka.

Titatuluka panja, malume anaima pamthunzi wa mtengo wa nimu akudzipepesa ndi chipewa. Anafunsa nthawi imene minibasiyo imanyamuka, kuti asachedwe kudzuka. Ndinayang'ana pansi, ndipo ndinawauza kuti ku Blantyre ndipita ndekha.