Tinsanza pa Mawaya a Karinya

Yalira, ee, yalira! Ndinali m'munda ndikukumba mbatatesi pamene akumadire anga, aja anandinyamulira mwana pa ubatizo, anafuula ali kumsewu: "Akumadire, tayani khasulo! Wa shapa, woyendetsa minibasi uja, wochokera ku Moatize akuti karinya yanu yalira, agalu a kumsika mpaka kuthawa!" Ndinavina pamzere pomwepo, ndinaponda mbatatesi zanga zomwe, nthungululu ili pakamwa. Potsegula maso, akumadire anali atapitirira kumjigo, m'munda monse ndili ndekha.

Karinya ndi kagalimoto kotsegula kumbuyo. Inali ya bambo a ana anga. Nkhondo itafika ku Zobwe tinaikankhira pansi pa mango, tinaifunditsa udzu, ife n'kuwolokera ku Malawi. Tinapita asanu ndi mmodzi, tinabwerako awiri. Bambowo tinawaika konko, atsikana atatu anakwatiwa konko. Ndinatsala ndi mwana wamwamuna wotsiriza, ali kale ndi ndevu zake.

Anaiyang'ana karinya ija masiku awiri, kenako anati, "Amayi, ikalira iyi ndizinyamula mbatatesi kupita nazo ku Moatize, ndizigona pano. Ikakana, ine wa ku Joni."

Joni, mayo ine, Joni! Amene anapitako a m'mudzi muno sindinawaonenso.

Injini inali yamoyo, koma makoswe anali atadya mawaya. Mwana atapita kukafunafuna mesitiri wokonza magalimoto, ndinati ndimuthandize. Ndinalowa m'kati, ndinazula mawaya onse monga timazulira mikwawa ya maungu tikakolola. Ndinazula, ndinazula, ndikuimba. Ndinawapukuta, ndinawakulunga bwinobwino, n'kuwaika m'lichero.

"Amayi, mwatani?"

"Ndakupalirira, mwanawe."

Anakhala pansi padothi, manja kumutu. Sanandikalipire. Bola akanakalipa.

Lole yonyamula makala ndi imene inatikoka mpaka ku Moatize. Kumeneko kumatentha ngati m'chiphaka cha fodya, fumbi lake lakuda mpaka m'mano. Mesitiri anali mkulu wa imvi, ankakonza makina a kumgodi kale. Ataona lichero langa anaseka mpaka kukhosomola.

"Mayi, waya wakale sazula. Ngakhale atawola, ndiye amadziwa njira. Timamulondola ndi watsopano, mmodzimmodzi. Inu mwathamangitsa onse odziwa njira!"

"Ndiye mwalephera, amesitiri?"

"Ndalephera ndani? Ndangoti mwandikalambitsa."

Vuto lina linali lakuti mawaya atsopano anapezeka a mtundu umodzi wokha, ofiira okhaokha. Akalowetsa waya kutsogolo, potulukira kumbuyo sankadziwikanso kuti ndi uti. Ankamata timapepala tolemba, koma mafuta ankatidetsa, tina n'kugwa. Tsiku lachitatu analumikiza molakwika, utsi n'kutuluka pansi pa chiwongolero. Mwana wanga anangotembenuka, maso kumsewu wa ku Tete. Ndinadziwa kumene mtima wake wapita.

Ine zolemba ndimadziwa pang'ono, zomwe ndikulemberazi ndinaphunzira nditakalamba. Ku kampu ya othawa nkhondo thumba langa la ufa ndinkalizindikira ndi kansanza komanga pakamwa pake. Ndiye ndinamasula mtolo wanga, ndinang'amba mpango ndi zitenje zitatu zakale, cha nsomba, cha maluwa ndi cha madontho. Waya aliyense ndinam'manga kansanza kuno, kansanza komweko uko. Ndipo kuti ndisaiwale ndinkaimba: wa nsomba ngwa nyali, ee, wa nsomba ngwa nyali, wa maluwa ngwa buzina, wa madontho apita ku bateriya. Zitenje zitatha mitundu ndinayamba mfundo, uyu imodzi, uyu ziwiri.

Amesitiri anayamba kundiitana ali chagada pansi pa galimoto. "Mayi, wa madontho ali kuti?"

"Ali pamphuno panupo, mukumupumira!"

"Aa, owononga ndinu, okonza ndinu. Mudzandilanda ntchito."

Masiku amenewo ndinali ndi anthu oseka nawo. Koma mbatatesi zinakhwima, ndinayenera kubwerera ndekha ku Zobwe ntchito isanathe.

Masabata atatu. Nyumba inali zii. Ndinkaphika ndiwo za anthu awiri osadziwa, n'kumadya zomwezo mawa lake. Galimoto iliyonse ikamakwera phiri ndinkaimika khasu, khutu kumsewu. Ndinkaopa kuti mwina wapita kale osanditsanzika, poti kuchokera ku Moatize msewu wa kumwera uli pafupi kusiyana ndi wa kwathu. Ndinkaimba nyimbo ya mawaya ija ndikupalira, popanda wondiyankha.

Uthenga wa akumadire utafika, m'mawa mwake karinya inatulukira. Inakwera phiri pang'onopang'ono ikutsokomola, buzina, hutala ija, ikulira njira yonse. Mwana anatsika, anati, "Amayi, matumba ali kuti? Tipakire." Za ku Joni sanazitchulenso. Pasabata ankagona pakhomo masiku awiri okha, ena onse ali pamsewu, koma awiriwo anali anga, ee, anali anga.

Ndinapha tambala. Amene anabwera kudzavina ndi awa: akumadire ndi amuna awo a mwendo umodzi, akatekisita, mayi wogulitsa mchere pamalire, alamu anga aakulu amene sankamvanso, agogo awiri a kutsidya kwa dambo, ndi amesitiri, amene anakwera kumbuyo kuchokera ku Moatize atavala jekete, poti anamva kuti kwathu kumazizira.