Pasipoti ya Tadala inali m'faelo yawo miyezi inayi

Miyezi inayi a kampani ina anasunga fotokope ya pasipoti ya mwana wanga osaiyang'ana. Lachiwiri lapitali m'pamene aitsegula, n'kumuuza kuti ulendo wa ku China palibe.

Sindikonda kulemba pagulu pano. Koma izi zandikanika kusunga.

Mwana wanga Tadala ali ndi zaka 24. Tinabwera naye kunja kuno, mumzinda wa Coventry, ali ndi zaka zitatu, mayi ake atapeza ntchito ya unamwino ku chipatala cha Walsgrave. Kuyambira ali ndi zaka 13 wakhala akuphunzira kung fu mu holo ina m'dera la Foleshill konkuno. Chimene wakhala akufuna n'chimodzi: kukakhala ku China chaka chathunthu, masana azikaphunzitsa ana Chingerezi, m'mamawa kung fu, madzulo Chitchaina.

Kampani yokonza maulendo oterewa ili ku Birmingham, pamwamba pa sitolo ina. Ndinaipeza ndine, ndipo tsiku loyamba ndinamuperekeza. Mayi wa padesiki anatenga pasipoti, anaijambula ine ndikuona, n'kutibwezera. Atamva Tadala akulankhula anaseka, nati ana a ku China ayamba kulankhula ngati a ku Coventry. Anatitsimikizira kuti zonse zili bwino.

Tadala anachita maphunziro awo a uphunzitsi, milungu khumi. Anakhoza. Anamupezera sukulu yokaphunzitsako, komanso malo kwa mphunzitsi wa kung fu m'tauni yomweyo. Anamuuza kuti asiye ntchito pakutha pa mwezi. Anasiya. Kufamase, kogulitsa mankhwala, kumene ankagwira alemba kale wina.

Lachiwiri, 10:40 m'mawa, kunabwera imelo ya mizere itatu. Sukuluyo akuti imalemba okhawo amene ali ndi pasipoti ya maiko amene ali pa mndandanda wake wa olankhula Chingerezi, ndipo Malawi palibe. Pamapeto pake, pepani.

Lachitatu ndinapempha chilolezo kuntchito, n'kukwera sitima ya 9:12 kupita ku Birmingham. Anandidikiritsa mphindi 50. Manijala atatuluka anati iwo ankayesa kuti Tadala ndi nzika ya kuno, poti amalankhula ngati wa kuno. Ndinamufunsa kuti nanga fotokope ija anaitengeranji. Yokongoletsera faelo? Dzina la Malawi lili pamenepo, zilembo zikuluzikulu. Anati amene anajambulayo anasiya ntchito. Kodi faelo nayo inasiya ntchito? Ndinamuuza kuti kwathu timalemba mayeso m'Chingerezi. Anati malamulowo si awo.

Kenako anandifunsa, mwaulemu ndithu, chifukwa chimene mwana wokulira kuno zaka zonsezi alibe pasipoti ya kuno.

Chifukwa chake ndine.

Tadala ali ndi zaka 15, mayi ake anabwera ndi mafomu a unzika. Nthawi imeneyo kwathu sankalola kukhala nzika ya maiko awiri. Ndinakana. Ndinati mwana wanga sadzaima pamzere wa alendo pa bwalo la ndege ku Lilongwe. Ndili ndi malo ku Dedza amene ndinkafuna adzamangepo. Mayi ake anati mwanayu moyo wake uli kuno, osati ku Dedza. Sitinalankhulane mlungu wathunthu, ndipo ndinapambana ndine. Lamulo litasintha ndinkangoti tichita chaka chamawa. Mapepala onse a m'nyumba muno ndimasunga ndine, m'chikwama chokiya. Tadala anandifunsapo kawiri. Kawiri konseko ndinamuuza kuti palibe chothamangira.

Nditabwerako ndinamupeza m'khichini, ndipo ndinamuuza zonse, za manijala ndi za ine zomwe. Ndinkayembekezera kuti akalipa m'Chingerezi monga amachitira. Sanakalipe. Analankhula Chichewa chake chopindikapindika chija, pang'onopang'ono.

"Adadi, mundipatse mapepala anga. Ndizisunga ndekha."

Ndinakwera kuchipinda, n'kumubweretsera.

Tsopano akulemba yekha mafomu a unzika. Zitenga miyezi. Ntchito alibe. Mphunzitsi wa kung fu uja sitikudziwa ngati angamudikire, ndipo njira yomufikira ili ndi kampani yokha.

Mlandu wanga ndauvomera. Koma inu a kampani, wanu sunafafanizike. Mukanatsegula faelo tsiku loyamba, bwenzi mwana wanga ali pantchito lero. Munalonjeza kundiimbira Lachisanu 2 koloko. Lero ndi Lolemba. Ndikufuna zinthu ziwiri. Mulembere mphunzitsiyo kuti amusungire malo, ndipo kalatayo tiione. Mutiuzenso molemba kuti ndani anauza mwana kuti asiye ntchito asanawerenge pasipoti yake.

Makolo anzanga, mwana wanu akafuna ulendo wotere, funsani za pasipoti tsiku loyamba, ndipo akuyankheni molemba. Ngati mukusungabe mapepala a mwana wamkulu m'chikwama chanu, mupatseni lero, asanachite kukupemphani.