Kabudula Amene Alamu Anga Anabweza

Anthu a mumsewu wathu amanena kuti alamu anga, mkazi wa malemu achimwene anga, ndi mayi wouma mtima amene ankamana mwana chakudya mpaka abale anachita kuwalanda mwanayo. Ine ndikukana. Sindikukana chifukwa cha chibale ayi, pakuti amene anatenga mwanayo ndi achemwali anga enieni, a bere limodzi. Ndikukana chifukwa ndinalipo, ndipo pakamwa pamene lero pakutuluka milanduyi ndi pomwe pankatuluka mayamiko pamene mwanayo ankawonongeka.

Alamu ndi telala. Makina awo ankakhala pakhonde la golosale, pakati pa khomo ndi mulu wa makreti. Achimwene anadwala nthawi yaitali, ndipo anamwalira atatha thupi lonse. Maliro asanaiwalike n'komwe, azimayi obwera kudzasoketsa anayamba kuyeza alamu ndi maso. Ankayang'ana mikono yawo, kenako khosi la mwana, amene pa nthawiyo anali wochepa thupi ngati bambo ake, n'kumatsinana. Ena anasiya kubweretsa nsalu. Palibe amene anatchula matenda, koma msewu wonse unali utagamula kale kuti m'nyumba imeneyo mwalowa chinthu.

Mayi wamasiye alibe bwalo lokadziyankhira pa mlandu umene sunanenedwe. Alamu anasankha kuti thupi la mwana liwayankhire. Tiyi ankamuthirira shuga mpaka supuni kuima. Mwanayo akaweruka kusukulu ankakhala pa kreti pafupi ndi makina, chifukwa bwalo limene ife tinkamenyerapo mpira linatchingidwa ndi mpanda n'kusanduka poimika magalimoto, ndipo mumsewu njinga zamoto sizisiya malo ngakhale a nkhuku. Mwana akatopa ndi kukhala, ankalira. Akalira, golosale inali pomwepo: bisiketi, tchipisi, botolo la chakumwa chotsekemera. Izi n'zotchipa kuposa zipatso, siziola, ndipo zimatontholetsa mwana msanga moti mayi amatha kumaliza diresi la mwini.

Mwana ananenepa, msewu n'kukondwera. Anamupatsa dzina loti Abwana.

"Abwana afika! Patukani, galimoto yaikulu ikudutsa!" ankatero wagolosale, uku akumuponyera siwiti.

Achemwali anga, azakhali ake a mwanayo, ankamutsina masaya mpaka kufiira. "Eya, awa ndiye magazi akwathu. Alamu, apa pokha mwagwira ntchito."

Nsalu zinabwerera pakhonde. Ine nditabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite ndinanena poyera kuti kunenepa kotere si thanzi. Anandiseka onse. "Inu a sukulu, mwauma ngati ndodo ya tsache, mukufuna mwana afanane nanu?" anatero achemwali.

Pofika sitandade 5, Abwana sankatha kukwera masitepe a kusukulu osapumira panjira. Usiku ankaliza mkonono ngati bambo wamkulu, n'kumadzidzimuka akubanika. Mawondo ankamuwawa. Anzake ankamuika pagolo, ati chifukwa amatseka yekha golo yense, iye n'kumaseka nawo, koma pofika kunyumba ankakana kuvula malaya. Kumbuyo kwa khosi lake kunada bii. Alamu ankayesa litsiro, ndipo ankamukhula ndi sopo mpaka mwana kulira, koma kuda kuja sikunachoke.

Anali namwino wa kuchipatala amene anawauza zoona. Anati kuda kwa pakhosi si litsiro, koma chizindikiro choti thupi layamba kulephera kulimbana ndi shuga. Anati magazi a mwanayo akuthamanga mopitirira msinkhu wake, ndipo akapitiriza chonchi adzakula ndi matenda a shuga ndi a mtima. Sananene kuti amumane chakudya. Anati adye mokwanira, koma asiye zotsekemera, amwe madzi, adye masamba ndi zipatso, ndipo ayende.

Apa ndi pamene ndimawavulira chipewa alamu anga. Mayi amene anali atamanga ulemu wake wonse pa masaya a mwana anavomera kuti analakwitsa. Anasuntha makina kuchoka pakhomo la golosale kupita kumapeto kwa khonde. Anauza wagolosale kuti asampatsenso kanthu mwanayo. M'mawa uliwonse ankayenda naye wapansi mpaka kusukulu, n'kubwerera kudzatsegula makina mochedwa. Mwana analira, ananyanyala, anawatcha mayi ake oipa, iwo n'kupirira. Patapita miyezi, mkonono unachepa. Tsiku lina alamu anandionetsa kabudula wake wa sukulu. Anali atamubweza m'chiuno ndi manja awo kuti achepe, ndipo ankamugwira ngati satifiketi.

Ndiye msewu unati chiyani? Unati mwana akutha.

"Abwana aphwa ngati tayala," anatero wagolosale, amene anali atataya kasitomala. Azimayi aja anayambiranso kutsinana. Wina anafika pofunsa alamu kuti, "Kodi zija za bambo ake zayambanso?" Ena ankamuitanira mwanayo kuseri n'kumupatsa botolo, ati kumumvera chisoni.

Achemwali anaitanitsa abale Lamlungu masana, m'chipinda chochezera cha alamu, momwe mipando yake theka inali itadzaza nsalu za makasitomala.

"Alamu, tinene mosabisa," anayamba achemwali. "Mwana wa mchimwene wanga akupempha chakudya kwa anthu ngati alibe abale. Ngati zakuvutani, nenani."

Alamu anga anayankha kuti, "Sapempha chakudya, alamu. Amapempha zakumwa zija. Kuchipatala anati..."

"Kuchipatala! Namwino ameneyo anabereka mwana ameneyu? Taonani makolala a malaya mmene akulendewera!"

Ndinalowererapo. Ndinafotokoza za shuga, za mtima, za mawondo a mwana amene akunyamula thupi la munthu wamkulu. Ndinafunsa kuti ndani mwa iwo anamvapo mwanayo akubanika m'tulo. Amalume anandidula. "Iwe, ukadzabereka wako udzamudyetse mabuku." Chipinda chonse chinaseka, ndipo mlandu unathera pa nthabwala imeneyo.

Kenako anafunsa mwanayo ngati akufuna kukakhala kwa azakhali. Mwana wa sitandade 5, atafunsidwa kuti asankhe pakati pa nyumba ya madzi ndi nyumba ya firiji yodzaza mabotolo! Anayang'ana pansi n'kugwedeza mutu kuvomera. Alamu sanalire pamaso pawo. Anapinda zovala zake, kabudula uja pamwamba, n'kunena kuti, "Chonde, tiyi wake musamathire shuga wambiri." Achemwali anayankha kuti, "Kwathu sitiwerengera mwana masupuni."

Choncho musandiuze kuti alamu anga ndi ankhanza. Analakwa kamodzi, chifukwa choopa malilime anu, ndipo munawaombera m'manja. Atakonza cholakwacho munawalanda mwana. Lero amasoka kumapeto kwa khonde, kreti ija ili pambali pawo yopanda wokhalapo, ndipo inu mumadutsa n'kumati mwana anapulumuka.

Sabata yatha ndinapita kwa achemwali. Ndinapempha mwanayo kuti avale kabudula amene mayi ake anabweza. Ndinagwada, n'kukoka mbali zonse ziwiri ndi manja anga. Batani silinafike pabowo lake.