Kanta Imene Inabwera kwa Ba Ng'andu

Ba Ng'andu anali munthu wowotcherera zitsulo, ndipo theka la mageti a mumsewu wathu ku Kabwata ndi ntchito ya manja awo. Anabadwira m'nyumba imene ankakhalayo, bambo awo anafera momwemo. Ukangowatchulira zosamuka chifukwa cha akuba, ankachotsa magalasi akuda aja n'kukuyang'ana ngati wawatukwanira mayi.

"Nithawe kawalala ine? Pa nyumba ya batate banga?"

Ine ndine woyandikana nawo nyumba, ndimasoka zovala pakhonde, ndiye zambiri ndinkazimva ndisanafune n'komwe. Akazi awo, Ba Bernadette, anali a ku Petauke, mayi wofatsa woimba kwaya ku Katolika. Kufatsa kumeneko kunatha tsiku limene anyamata anatchinga mwana wawo Lubuto ku Kamwala masanasana, akutsika minibasi. Mtsikana anakakamira chikwama chake, iwo anamucheka ndi lezala kuyambira pakhutu mpaka pachibwano. Anthu anali mbwee pamenepo, ogulitsa nsalu, okankha mawilibala, koma palibe anasuntha phazi. Zimandipsetsa mtima mpaka lero!

Kuchokera pamenepo m'nyumba muja munalibe mtendere.

"Batate ba Lubuto, tiyeni kumunzi. Munda uliko. Mufuna bamupaye mwana ndiye mumvele?"

"Amake Lubuto, kumunzi nizawochelela chani? Makasu?"

Iwo yankho lawo linali chitsulo. Anakweza mpanda, anaika minga pamwamba, mawindo onse anawatchinga mpaka nyumba inafanana ndi khola la nkhumba. Kenaka akuba anabwera kwa aphunzitsi ena kumapeto kwa msewu, dzuwa likuswa mtengo, ndi lole yaing'ono yoyera ya mtundu wa Kanta. Anapakira firiji, mipando, ngakhale mapoto, ife tikuwayang'ana. Mayi wina anawabayibitsa, poganiza kuti aphunzitsi akusamuka. Manyazi ake! Ba Ng'andu anaitanitsa msonkhano, anagulira nyumba iliyonse wezulo, ndipo anakhazikitsa lamulo: wofuna kusamuka ayambe wauza anzake, ndipo galimoto yopakira katundu popanda chidziwitso ndi ya akuba basi. Tonse tinaomba m'manja.

Koma mkazi amene watopa sauza anzake a mumsewu, chifukwa mawu angafike kwa mwamuna wake dzuwa lisanalowe. Ba Bernadette anaimbira mlongo wawo Kevin ku Petauke kuti abwere ndi galimoto, atenge katundu wawo ndi wa mwana. Ankati bambo akakaona nyumba yopanda anthu, adzatsatira okha. Anasankha tsiku limene Ba Ng'andu ankamangira anthu geti kuseri kwa msika. Anapatsa Kevin makiyi, iwo ndi Lubuto n'kuthamangira ku Kamwala kukagula masaka oikamo ziwiya.

Kevin mumsewu wathu sitinkamudziwa, ndipo nayenso anabwera ndi Kanta n'kuyamba kupakira katundu. Wezulo woyamba atalira, ena onse anayankha, anthu anatuluka ndi mipini, njerwa, wina mpaka chitsulo chositira. Woyendetsa Kanta ataona khamu analumpha mpanda n'kuthawa, ndipo kuthawako ndiye kunatsimikizira aliyense. Kevin anatuluka m'nyumba atasenza matiresi.

"Kawalala! Kawalala!"

Anayesa kulankhula, njerwa inamupeza pakamwa mawu asanatuluke. Anagwa chafufumimba, matiresi pambali. Ndinakuwa kuti dikirani timufunse, koma ndani amamva telala pakati pa anthu olusa? Amayi amene timapemphera nawo ankamuponda m'nthiti. Mnyamata wina anathamangira kukafuna tayala ndi petulo.

Ba Ng'andu anafika akuthamanga, ovololo ili m'chiuno, m'manja muli chitsulo chokhala ndi mizere chimene amapangira mageti. Anaona geti lawo lotsegula, bedi lawo lili pa Kanta, makina osokera a akazi awo ali pansi. Anthu anawapatukira ngati mwini mlandu wafika. Munthu uja anali chigonere, nkhope ili m'fumbi, malaya ofiira ndi magazi. Anamumenya pamsana, anamumenya paphewa, kenaka kunkhongo. Phokoso lake sindifuna kulikumbukira.

"Uyu ndiye wamene anacheka mwana wanga! Bonse ni bamozi!"

Ba Bernadette anatulukira pakona atanyamula masaka. Sanakuwe msanga. Anaona nsapato za munthu wogonayo, anaponya masaka, anakankha amuna akuluakulu n'kugwada m'magazi momwemo. Atamutembenuza, ndipamene analira.

"Kevin! Mayo ine, Kevin! Batate ba Lubuto, mwapaya mulamu wanu!"

Msewu unayera nthawi yomweyo. Aja ankaponda, aja a njerwa, aliyense analowa kwake n'kukhoma geti. Agalu! Tinatsala ine, mayiwo, Lubuto ndi Ba Ng'andu ataimirira chitsulo chikadali m'manja. Ba Ng'andu anamunyamula okha mlamu wawo mpaka kumsewu waukulu, akumuitana dzina njira yonse. Kevin anamwalira asanafike kuchipatala.

Apolisi atabwera kudzafunsa, msewu wonse unati sunaone kanthu. Ba Ng'andu okha ndi amene anatambasula manja n'kunena kuti ndine. Pano ali pa belo, akudikira mlandu, ndipo sagwiranso ntchito. Munthu wamphamvu uja watha, amangokhala pampando panja tsiku lonse.

Ba Bernadette ndi Lubuto anaperekeza maliro ku Petauke ndipo sanabwerenso. Sabata yatha Ba Ng'andu anabwera pakhonde langa, anandipempha kuti ndiwaimbire akazi awo pa foni yanga, chifukwa akaimba pa yawo mayiwo sayankha. Ndinaimba, ndinawapatsa. 

"Amake Lubuto, navomela. Mulandu ukasila nizagulisa nyumba, nibwele kumunzi."

Ndinamva mayiwo akuyankha mofatsa monga kale.

"Munda uja munali kukana ndiye mwamene tamuika Kevin. Muzabwela kulima pati?"