Dothi Limene Ndinamata pa Nyale za Lole

Uthenga unandipeza kumunda mailo, dzulo lomweli, ndikukumba nshawa, mtedza wathu uja: Tisa waima, Tisa wayenda! Khasu ndinataya, nthungululu ndinaimba, mdzukulu wanga wayenda, wayenda! Koma inu owelenga, khalani pansi mumve, pakuti amene anamugoneka m'chipatala mwanayo ndine, ambuya ake.

Mwana wanga Yosefe anabwela kuchoka kumigodi ndi lole yakale, yotsokomola ngati nkhalamba. Anakwatila ku Luembe, ndipo mwa mwambo wathu amakhala kwa mkazi. Ndiye lole imagona pabwalo pa asewele anga aNjovu, amake a mkaziyo. Ndinabala ine, ndinayamwitsa ine, koma anthu akuti lole ya kwa aNjovu! Mtima unkandiwawa, unkandiwawa.

Tsiku lina anafika kuno ku Msanzala ndi kamwana kake Tisa. Kumbuyo kwa lole kuli zatsopano: nyale ziwili zofiila, ndi ina yoyela, yaikulu ngati mbale, yoyaka akamabwelela cham'mbuyo. Kuboola anaboola yekha, mawaya anakoka yekha. Mudzi wonse kuzungulila, kuyamika.

Ndinamufunsa, "Zanchito yanji izi?"

Iye akuseka, "Amama, apongozi anga amakonda kukhala kuseli kwa lole madzulo. Ndiziwaona, ndingawaponde."

Apongozi! Ine pabwalo panga pali zitsa, pali maenje, nyale sanaiganizepo. Anthu atabalalika ndinatapa mtsilo wozilila nyumba, ndi kumata nyale zonse, bii. Ndinati zikawale kwa aNjovu komweko, osati pano.

Dzuwa litalowa Yosefe analiza lole kuti aitembenuze. Anasuzumila kumbuyo, mdima. Anayesa waya wathothoka, nabwelela choncho. Tisa anali kuseli, akusewela ndi makoko a nshawa. Kukuwa kuja, amai inu, kudakali m'makutu mwanga. Tayala linagwila mwendo.

 Yosefe anangopala nyale ndi chala, kundionetsa dothi, dothi la pakhonde panga. Kuchoka apo pakamwa pake sipanatulukenso mawu kwa ine. Kuchipatala cha amishoni, amene ankagona pansi pafupi ndi bedi, kumusambitsa ndi kumudyetsa mwana, ndi asewele omwewo. Ine manyazi anandimanga miyendo, sindinapondeko.

Amai anzanga obala ana aamuna, ndimveleni. Mwana akachitila zabwino apongozi ake, sanakubeleni kanthu. Nsanje yanga ndinalozetsa kwa munthu wamkulu, koma inakagwela kamwana kosadziwa kanthu. Ndipo nyale ya galimoto, kaya yakuwawani bwanji, musaikhudze.

Lelo abwela naye Tisa pakhomo panga, akutsimphina pang'ono koma akuyenda, akuyenda! Fumbi linakwela, tinavina. Anabwela aDaka ndi akazi awo, anabwela amake Ziyenela, aMumba a ku Sandwe pa njinga yawo, aLungu a kutchalitchi, mlamu wanga Esitele, amake Tisa, asewele anga aNjovu atandigwila dzanja. Ndipo pambuyo pa onse, akuyang'ana pansi, koma anabwela: Yosefe.