Mafoni a ku Kanyama Kuseri kwa Kompyuta

Inu amene mwatopa ndi kuyesa, musagone kaye, ndikuuzeni za Elina Kalumba wa ku komboni ya Kanyama.

Mtsikana ameneyu analephera mayeso a zamagetsi kawiri konse. Azimayi pampopi anasiya n'kumufunsa komwe za sukulu, ankangomuyang'ana ndi chisoni chija chopweteka kuposa kutukwanidwa. Atakhoza kachitatu, labu ina yaing'ono ya ku Indasitiliyo, dera la mafakitale, yoyeza madzi a m'zitsime, inamutenga mongomuyesa. Ntchito yake inali kusamalira kabokosi kamene kamatenga manambala kuchokera ku timasensa tomizidwa m'madzi n'kuwatumiza pa kompyuta.

Ndiye kabokosiko n'kuyamba misala. M'mawa manambala akuyenda bwinobwino, dzuwa likangokwera, zii! Kompyuta n'kumanena kuti palibe chimene chalumikizidwa. Ntchito ya tsiku lonse n'kupita m'madzi.

Ba Mwaba, mayi woyang'anira labuyo, sanazungulire ayi.

"Elina, makasitoma banikalipira. Ngati pa Chisanu sivinakonzeke, tizafuna munthu wina."

Elina mtima unamuthawa. Kubwereranso pampopi paja? Anasintha waya. Anachotsa pulogalamu n'kuiikanso. Anatsuka masensa, kuwasinthanitsa, kubwereka kabokosi kena, koma ayi ndithu. M'minibasi mutu uli pa waya, pakudya mutu uli pa waya, mapazi osakhazikika pansi. Anachita kuwonda, ndikukuuzani.

Tsono pali chinthu chimene tonse a m'makomboni timachidziwa. Magetsi akathima, amene amagwira ntchito kumene kuli jenereta ndiye mpulumutsi. Elina ankanyamuka m'mawa ndi chikwama chodzaza mafoni: ya amayi ake, ya alandilodi, ya aneba ogulitsa makala. Anzake pa labupo ankachitanso chimodzimodzi. Masoketi apakhoma anali odzaza ndi mafiriji ndi makina, choncho mafoni onse ankathera pa kachipangizo ka mabowo ambiri kuseri kwa kompyuta. Palibe ankaliona ngati vuto. Kukana kutchajira mnzako foni, si ufiti umenewo?

Lachinayi nzeru zinamuthera. Anasiya kuthamangathamanga, anangokhala pampando maso ali pa sikirini. Posakhalitsa Ba Enos, mlonda wapageti, analowa mwaulemu, n'kulumikiza foni yawo kuseri kuja. Manambala zii!

"Ba Enos, chosaniko kaye foni yanu."

Atachotsa, Elina n'kudzutsanso pulogalamu, manambala anabwerera. Atabwezera, anasowanso. Mayo ine! Kabokosi kaja kankadya magetsi pa kachipangizo komweko, ndipo mafoni akachuluka, iko kankatsala ndi njala n'kuzima.

Anasuzumira kuseriko, thukuta n'kumutuluka. Mafoni ambiri pamenepo anali ochokera m'chikwama chake chomwe.

Akanatha kungosuntha waya mwakachetechete, n'kuoneka katswiri. Koma mawa wina akanadzasolola wayayo pofuna bowo, vuto n'kubwerera. Anapita ku ofesi ya Ba Mwaba.

"Ba Mwaba, navipeza. Ni mafoni. Ndipo yambiri ni ine nimabweresa."

Ba Mwaba anadzuka, kupita kuseri kwa kompyuta, n'kusolola foni yofiira.

"Iyi ni ya apongozi banga," anatero, akupukusa mutu. "Tonse tiliko. Konza bwino, uike na loko. Pa Mande ubwere, nchito ni yako."

Elina anapatsa kabokosiko bowo lakelake pa kompyuta ndi magetsi akeake, n'kutsekera zonse m'kabati. Manambala anayenda mpaka kuweruka osaphonya.

Musaganize kuti ku Kanyama anamuimbira nthungululu. Anafika ndi mafoni osadzaza, alandilodi n'kumulalatira pakhomo: "Wayamba kuzimva chifukwa cha ka nchito!" Zinamuwawa, analira ndithu. Koma Lolemba m'mawa anadutsa pampopi paja atavala chovala choyera cha ku labu, akuthamangira minibasi.

Inunso mwina mwasintha waya aliyense, mwagogoda khomo lililonse, zinthu zikungokanabe. Khalani pansi, muyang'anitsitse. Mukapeza kuti vutolo mwalinyamula nokha m'chikwama, musachite manyazi kulitchula, chifukwa pamenepo ndi pamene limathera. Osataya mtima, abale anga, dzukani mukayesenso.