Galasi la pa Mng'alu

Kumtunda kwa nyumba ya agogo anga, kwa Kanduku, kuli mwala waukulu ngati lole, wokhala pathanthwe lotsetsereka. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo agogo ndiwo anandilera. Poti sindinali mwana wolongolola, ntchito yanga inali kukhala pamwamba pa mwalawo n'kumaingitsa mbuzi pa mtedza woyanika. Kumsana kwa mwalawo kunali mng'alu wopyapyala. Ndinkasomekamo kamtengo ka machesi, n'kukanirira.

Nditakula ndinapeza ntchito mu labu ina ku Blantyre. Amatibweretsera miyala yoboola pansi, yobulungira ngati chitini. Timaiika m'makina, makinawo amaifinya mpaka iphulike, ife n'kulemba mphamvu imene yagonjera. Agogo atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Sukulu yonse ija kuti uzikaswa miyala? Amayi a pamsewu wa kuboma aja amaswa opanda satifiketi."

Ntchitoyo inandiphunzitsa chinthu chimodzi: mwala ungalimbe bwanji, umagonjera pamng'alu, makamaka madzi akalowamo.

Dzinja lina la mvula yambiri ndinapita kumudzi, n'kukwera pamwala paja mwachizolowezi. Mumng'alu muja munalowa chala changa chonse. Mwalawo ndinaugogoda ndi hamala. Kumtunda unkalira kuti ngwee, koma kumunsi unkangoti phu, phu, ngati dzungu lowola mkati.

"Agogo, musamuke. Mwalawu ukuyenda."

"Ukupita kuti? Ku Zobwe?"

"Ukubwera kuchipinda kwanu."

"Ugwa liti?"

Apa ndiye anandigwira. Mu labu ndimadziwa, poti wofinya ndine. Paphiri wofinya ndi mvula, ndipo mkati mwa mwala simuoneka.

"Sindikudziwa. Mwina chaka chino, mwina patatha zaka khumi."

"Ndiye amuna anga, mukadziwa mudzandiuze."

Amanditchula choncho akafuna kutseka nkhani. Chifukwa chenicheni chokanira kusamuka sanachinene, koma ndinkachidziwa. Nyumbayo anamanga ndi mayi anga, ndipo njerwa zake anaumba okha.

Tinapangana. Ndinatenga chidutswa cha galasi la pawindo, n'kuchimata ndi simenti mopingasa mng'alu, mbali iyi ndi iyo. Mwala ukangosuntha pang'ono, galasilo liyenera kuthetheka.

"Likasweka, musamuka," ndinatero.

"Likasweka," anavomera.

Ndikaimba foni ndili ku Blantyre, yankho linali limodzi: "Galasi lako lili bwinobwino, likupereka moni."

Patatha milungu isanu ndinabwereranso. Nditangotsika kabaza ndinaona kuti khola la mbuzi, lomwe linali munsi mwa mwala, tsopano lili kutali, kuseri kwa mitengo ya manachesi. Ndinapereka moni, ndinamwa madzi, kenako ndinakwera.

Galasi linalipo, lathunthu. Nditawerama kuti ndilione bwino, ndinaona diso langa lomwe likundiyang'ana. Kanali kagalasi ka agogo koyang'anira nkhope, komatidwa ndi dothi la pachulu, lozira bwinobwino ngati pakhonde. Zidutswa za galasi langa zinali pansi, atazifundika masamba. Mumng'alu munalowa zala ziwiri.

Ndinawapeza akusenda mtedza.

"Agogo, galasi lija layamba kuonetsa nkhope."

"Zinthu zimasintha."

"Nanga mbuzi mwazisamutsiranji?"

"Mbuzi n'zamantha. Komanso sizinapangane ndi munthu."

Ndinakhala pansi n'kuyamba kusenda nawo. Kudikira ndimakutha kuyambira ubwana. Titatsala pang'ono kumaliza lichero, anayankhula osandiyang'ana.

"Linasweka sabata yoyamba yomweyo. Ndinalimva ndikutsuka mbale, kuti the! Koma njerwa za mayi ako ndizisiya bwanji?"

"Sitizisiya."

Nyumbayo inali yomangira dothi, choncho njerwa zinkachoka zathunthu. Mvula itadukiza, tinaigumula mzere ndi mzere, ine ndi amalume awiri, agogo atakhala pampando n'kumatikalipira. Ine ndinkagogoda njerwa iliyonse, yolira bwino uku, yogonthera uko. Agogo ankadikira nditembenuke, n'kubweza zogonthera zija pamulu wa zabwino. Pa zina panali madindo a zala, pomwe mayi anagwira njerwa isanaume. Zimenezo ndinaziika pakhomo, poonekera. Tinamanga kuseri kwa manachesi, pafupi ndi mbuzi.

Papita madzinja awiri ndipo mwala uja ukadalipo. Mumng'alu tsopano mumalowa chibakera. Ndikangofika, ndisanatule n'chikwama chomwe, agogo amaloza kumtunda.

"A injiniya, ugwa liti?"

"Sindikudziwa, agogo."

"Sukulu yonse ija!"

Amatero atakhala pakhonde latsopano, pomwe mwalawo sungafike. Ndinawagulira kagalasi kena. Kakale kaja anakana kuti ndikamatule, akuti ndikasiye pompo, mwala nawo uzidziona mmene wakalambira.